Utsi auchapa, litsiro alitaya m'nyanja

Abale anga, sabata ino andale athu tiwapumitse kaye, tikambeko za kunyanja yamchere. Ndikudziwa ena mwayamba kale kufunsa kuti ife a kumtunda kuno zikutikhudza chiyani. Tadikirani. Feteleza mumathira m'mundayo, petulo wa m'minibasi, ngakhale kaunjika mwavalayo, zonsezi zimabwera pa sitima zapamadzi zomwe zimakocheza ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban. Ndiye nkhani ya sitima ndi yathu ndithu.

Sitima zikuluzikuluzi sizimwa dizilo ngati wa lole ayi. Kwa zaka zambiri zakhala zikuyendera mafuta akuda bii, masese otsala akatha kuyenga petulo ndi dizilo. Mafutawa ndi olimba ngati phula moti amayamba awatenthetsa kaye kuti ayende m'mapaipi. Ndi otchipa, koma ndi odzadza ndi sulufule, yemwe uja timamumva kutchalitchi pa nkhani ya Sodomu. Akapsa, utsi wake umayambitsa mphumu ndi matenda a m'mapapo, makamaka kwa anthu okhala pafupi ndi madoko, komanso umabweretsa mvula ya asidi yowononga mitengo ndi nthaka.

Poona izi, bungwe la United Nations loyang'anira za sitima zapamadzi la IMO, lomwe likulu lake lili ku London, lidalamula kuti kuyambira pa 1 Januwale 2020 sulufule m'mafuta a sitima atsike kuchoka pa 3.5 peresenti kufika pa 0.5 peresenti. M'nyanja zina monga Baltic ndi North Sea malire adali kale pa 0.1 peresenti kuyambira 2015, ndipo nyanja ya Mediterranean idalowa m'gululi mu 2025. Lamulo labwino zedi, tiombe m'manja.

Koma lamulo lija lidasiya kakhomo kakumbuyo. Mwini sitima akafuna, atha kupitiriza kugula masese otchipa aja bola aike makina otchedwa scrubber, omwe ife tingowatcha chochapira utsi. Makinawa amadya madola mamiliyoni, koma eni sitima adawerengetsa bwinobwino. Mafuta oyera ndi odula, ndipo sitima yaikulu imamwa matani ambirimbiri tsiku limodzi. Pakatha zaka zochepa ndalama ya makina ija yabwerera, kwinako ndi phindu lokhalokha. N'chifukwa chake lero sitima zikwizikwi zili ndi makinawa.

Nanga amagwira bwanji? Utsi usanatuluke pachumuni, makina amauwaza madzi ngati shawa. Sulufule uja amasungunukira m'madzimo, utsi n'kutuluka woyererako. Apa palibe bodza, mpweya umayeradi. Funso ndi lakuti: madzi ochapira aja amapita kuti?

Pali mitundu iwiri ikuluikulu. Wina umagwiritsa ntchito madzi omweomwewo mobwereza, owathira soda, ndipo matope akewo amasungidwa m'thanki kuti akatsitsidwe padoko. Winawo, womwe ndi wotchipa komanso ndi umene uli pa sitima zambiri, umangopopa madzi a m'nyanja, kuchapa utsi, basi n'kuwabwezera m'nyanja momwemo. Madziwa amatuluka ali ndi asidi, tizitsulo tapoizoni monga nickel ndi vanadium, ndi zotsalira za mafuta zomwe zina mwa izo zimayambitsa khansa.

Mwamva? Zili ngati mayi wasesa m'nyumba bwinobwino, alendo akuyamikira ukhondo, koma zinyalala zonse wakazikhuthulira pachitsime. Kumeneko tingati ukhondo, abale?

Eni sitima ali ndi yankho lawo. Akuti nyanja ndi yaikulu, ndipo madzi amchere mwachilengedwe amapha mphamvu ya asidi. Pakatikati pa nyanja mwina mfundoyi ingamvekeko. Koma padoko madzi sayenda kwambiri, sitima zimangosinthana malo amodzimodzi, ndipo tizitsulo tija sitiola. Timakhazikika m'matope, tinsomba n'kudya, nsomba zazikulu n'kudya tinsombato, mapeto ake ndi m'mbale ya munthu.

Maiko ochenjera sadadikire. Singapore, limodzi mwa madoko otanganidwa kwambiri padziko lonse, idaletsa kutaya madzi otere padoko lake kuyambira mu 2020. Nawo maiko a Sweden, Denmark ndi Finland adaletsa mchitidwewu m'madzi awo kuyambira pa 1 Julayi 2025. Sitima ikafika kumeneko imayenera kusintha n'kuyamba kuyendera mafuta oyera, apo ayi isunge litsiro lake m'thanki.

Apa ndiye pagona nkhawa yanga. Olemera akatseka zipata zawo, sitima sizisiya kuyenda ndipo makina aja sawazula. Pompi amatsegulidwa kulikonse kumene lamulo lili lofooka kapena kumene kulibe woyeza madzi. Paja amati nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu, koma kuno zatembenuka: akudya ndi akuluakulu a makampani, opotedwa ndi msodzi wa kangalawa m'mbali mwa nyanja ya Indian, yemwe sadaitanidweko ku msonkhano wa ku London.

Ife sitingauze sitima kuti zisiye kubwera, tingagone ndi njala. Koma pakamwa tili napo. Malawi ndi membala wa IMO, ndiponso timakhala pa tebulo limodzi la SADC ndi Mozambique, Tanzania ndi South Africa, eni madoko amene timadalira. Nthumwi zathu zikamapita ku misonkhano imeneyi zisamangokawerenga ma alawansi. Zikanene kuti chigawo chonse chikhale ndi lamulo limodzi: sitima yobwera kuno igule mafuta oyera, kapena inyamule matope ake ikatsitse pamalo oyenera. Doko limodzi likaletsa palokha limaopa kuti makasitomala athawira kwa mnzake, koma onse akalankhula chimodzi sitima ilibe kothawira.

Mwina mtengo wa katundu ungakwereko pang'ono, sindikukana. Koma kutchipa kwa lero alipo amene akukulipira, kungoti iyeyo sapatsidwa lisiti.

Tionana sabata yamawa.