Alendo othandiza ana amasiye, takulandirani koma timvane

Chaka chilichonse ikafika nyengo yachisanu, pamene sukulu za ku Ulaya ndi ku America zatsekera, msewu wochoka pa boma la Mangochi kupita ku Monkey Bay umaona anyamata ndi atsikana achizungu obereka zikwama kumsana. Ena amabwera kudzasambira ku Cape Maclear basi. Ena amati abwera kudzathandiza ana amasiye, ndipo ndi amenewa amene ife a nyuzipepala ino tikufuna tikambirane nawo lero, pamodzi ndi eni mudzi amene amawalandira.

Tisanapite patali tivomereze kuti boma la Mangochi lapindula nawo alendo otere. Matenda a Edzi atapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, panapita zaka anthu akungonong'onezana, ati "kaliwondewonde", uku manda akudzaza. M'madoko a asodzi m'mphepete mwa nyanja mliriwu unasesa abambo ndi amayi a mphamvu zawo, ana n'kutsala m'manja mwa agogo. Mu 1997 a Chakunja Sibale, Mmalawi wogwira ntchito zachipatala, pamodzi ndi Dr Kevin Denny amene anagwirapo ntchito kuno ngati wa Peace Corps, anayambitsa bungwe la Malawi Children's Village pafupi ndi boma la Mangochi. Dzinalo lingakunamizeni kuti anamanga mudzi wa ana. Nzeru yawo inali yoti mwana akhalebe kwawo ndi abale ake, thandizo n'kumamupeza komweko: chakudya, mankhwala, fizi. M'midzi yoposa 30 anasankha anthu a m'midzi momwemo oti aziyendera anawo khomo ndi khomo. Nakonso ku Chembe, mayi wa ku Ireland, Mags Riordan, mwana wake Billy atamira pa nyanja mu 1999, anatsegula chipatala mu 2004 chimene madokotala ndi anamwino ongodzipereka ochokera kunja anathandizirapo anthu amene kale ankayenda ulendo wa ku Monkey Bay kukafuna mankhwala. Paja amati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa.

Koma kalumo kakuthwa kamathanso kutema.

Funso loyamba n'lakuti: kodi ana amene ali m'nyumba zosungirako ana amasiye alibedi wina aliyense? Kafukufuku wa m'maiko ambiri wakhala akusonyeza kuti ana ochuluka a m'nyumba zoterezi ali ndi kholo limodzi lamoyo, ndipo pafupifupi onse ali ndi achibale. Kwathu kuno sitifunikanso kafukufuku kuti tidziwe zimenezi. Pakati pa Ayao ndi Anyanja a kunyanja mwana ndi wa mbumba. Mayi akamwalira pali amalume, pali achemwali a malemuwo, pali agogo. Chimene chimachotsa mwana pakhomo kawirikawiri ndi umphawi. Bambo anapita ku Joni ndipo anasiya kutumiza ndalama, chambo chinasowa mu nyanja ya Malombe, chimanga chinapserera m'munda. Gogo akamva kuti kuseri kwa mpanda uko mwana amadya katatu pa tsiku ndipo salipira fizi, amupereka, ndipo ife sitingamuweruze. Koma ngati vuto ndi ufa ndi fizi, bwanji ufawo ndi fiziyo osapita nazo kwa gogoyo?

Taganizani za khanda limene lili m'nyumba yotere. Mwezi uno lazolowera manja a mtsikana wa ku Germany amene akulinyamula, kulidyetsa ndi kuliseweretsa. Patatha masabata atatu mtsikana uja wakwera ndege, akulira ndithu, ndipo kwabwera wina wa ku Canada. Mwana amene anataya kale mayi ake akutayanso munthu mwezi ndi mwezi. Alendo amasangalala kuona tiana tikuthamangira aliyense wolowa pa geti n'kumukumbatira, amati ndi chikondi cha ana a ku Africa. Akatswiri a kakulidwe ka ana amati chimenecho ndi chizindikiro cha mwana wosowa munthu mmodzi womudalira. Mayi aliyense wa pa Namiasi kapena pa Makawa angakuuzeni kuti mwana woleredwa bwino amayamba wabisala kumbuyo kwa chitenje akaona nkhope yachilendo.

Palinso nkhani ya ndalama, imene ambiri safuna kuitchula. Kumene alendo amalipira kuti adzagwire ntchito ndi ana amasiye, mabedi sayenera kukhala opanda ana, chifukwa mabedi opanda ana sakopa alendo. M'maiko ngati Nepal ndi Cambodia zinafika poti anthu ankayenda m'midzi kukatenga ana a makolo amoyo kuti akadzaze nyumbazi. N'chifukwa chake mu 2018 dziko la Australia linayamba kuwerengera mchitidwewu pamodzi ndi ukapolo wa masiku ano, ndipo mu 2019 msonkhano waukulu wa United Nations unapempha maiko kuti achitepo kanthu pa zoipa zimene zimadza ndi maulendo otere. Sitikunena kuti aliyense wosunga ana ku Mangochi ndi wakuba, ayi. Khanda limene mayi ake amwalira pobereka limafunika mkaka lero lomwe, ndipo malo ngati Open Arms, amene amalera makanda kenaka n'kuwabwezera kwa abale awo akakulako, apulumutsa miyoyo. Tikunena kuti pamene pali ndalama ndi ana osatha kudziyankhulira, payenera kukhala diso.

Diso limenelo ndi la boma. Ndondomeko ya dziko lino ya ana amasiye ya mu 2003 inanena kuti kusunga mwana m'nyumba yapadera ikhale njira yomaliza zina zonse zitakanika, ndipo mu 2010 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana. Papepala zonse zili bwino. Nanga mlendo amene watsika ndege dzulo, n'kugona lero m'chipinda choyandikana ndi ana, ndani waona kalata ya apolisi a kwawo yotsimikiza kuti alibe mlandu wokhudza ana? Kwawoko sangaloledwe ngakhale kuphunzitsa ana mpira popanda kufufuzidwa. Kodi mwana wa kwa Mponda, kwa Chimwala kapena kwa Nankumba ndi wotchipa kuposa wa ku London? Kwawoko sungajambule mwana wa eni n'kumuika pa Facebook popanda chilolezo, koma nkhope za ana athu, ena odwala, zili ponseponse pa intaneti zikupempha ndalama zimene mudzi sudziwa kuti zinasonkhanitsidwa zingati.

Ndipo tisanamizane kuti dzina lalikulu ndi ndalama zambiri ndizo chitukuko. Bungwe la Madonna la Raising Malawi linalonjeza sukulu ya atsikana pafupi ndi Lilongwe, anthu a m'mudzi wa Chinkhota anasiya minda yawo, koma mu 2011 ntchito inalephereka zitamveka kuti madola 3.8 miliyoni apita popanda kalasi ndi imodzi yomwe. Bungwelo linadzachita bwino pambuyo pake pamene linamanga malo opangirako ana opaleshoni pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2017, mkati mwa chipatala chimene chinalipo kale ndi madokotala ake.

Ongodzipereka enieni a dziko lino sakwera ndege. Ndi amayi amene m'mawa uliwonse amaphika phala ndi kuphunzitsa tiana m'sukulu za mkombaphala, pansi pa mtengo kapena m'chisakasa, ambiri mwa iwo osalandira ndi tambala yomwe. Mtengo wa tikiti imodzi yochoka ku Ulaya ungathe kulipira mayi wotere miyezi yambirimbiri. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, wasonyeza kuti ndalama yochepa yofika m'manja mwa gogo imatha kusunga mwana pasukulu ndi pakhomo.

Choncho kwa alendo tikuti bwerani, koma bwerani ndi luso limene tikulisowa ndipo mukhalitse mpaka mutalisiya m'manja mwa wina. Namwino aphunzitse anamwino, wodziwa mijigo aphunzitse okonza mijigo. Wopanda luso lapadera asachite manyazi kubwera ngati mlendo wamba, agone m'malo ogona a anthu akuno, alipire wa bwato ndi wosema ziboliboli. Ndalama imeneyo imafika pa mbale ya mwana. Kunyamula makanda musiyire amene adzakhalepo chaka chamawa.

Kwa a khonsolo ya Mangochi ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu tikupempha chinthu chosalira ndalama: mndandanda wa nyumba zonse zosungirako ana m'bomali, zolembetsedwa ndi zosalembetsedwa, chiwerengero cha ana m'nyumba iliyonse ndi tsiku limene munaiyendera komaliza, upachikidwe pa bolodi la kwa DC ndi ku mabwalo a mafumu kuti aliyense awerenge. Aphungu ndi makhansala a kunyanja akaufunse mndandandawo pa msonkhano wa khonsolo ukubwerawu.