Njinga za kabaza zija, eni ake ndife tomwe

Amayi anzanga, ndiyambe ndi kuvomereza kuti kabaza wapulumutsa miyoyo yambiri. Matenda a uchembere akayamba usiku kumapiri a Ntchisi kapena kuseri kwa Mvera, ambulansi ili kutali, amene amafikitsa mayi kuchipatala ndi mnyamata wa njinga yamoto. Ndine mzamba, sindingawanyoze anyamatawa.

Koma dzinja lapitali, ndili kuwodi ndi ophunzira anga, tinalandira mayi wa pakati pa miyezi 8. Anagwa pa kabaza pamalo otsetsereka atakwera atatu. Mwana anapulumuka, tithokoze Mulungu, koma mayiyo anathyoka fupa la ntchafu ndipo anatumizidwa ku Lilongwe. Banja linagulitsa mbuzi ndi soya yense kuti limusamale. Njinga ija inalibe nambala, inalibe inshulansi, woyendetsa analibe laisensi. Palibe amene anawapatsa ngakhale tambala ya chipepeso.

Lamulo lilipo. Lamulo la pamsewu la 1997 limafuna kuti galimoto kapena njinga yamoto ilembetsedwe, ikhale ndi inshulansi yolipira munthu amene yamuvulaza, ndipo woyendetsa akhale ndi laisensi. Wopezeka wopanda izi amalipira chindapusa, njinga imasungidwa kupolisi, ndipo khoti lingathe kuletsa munthu kuyendetsa.

Nanga zilangozi zikuwaopsa? Ine ndikuti ayi. Apolisi akaima pa Mponela kapena pa Madisi mumsewu wa M1, uthenga umathamanga pafoni, anyamata n'kulambalala kudzera m'tinjira ta m'minda. Wogwidwa amangoti tsiku lamuipira, amakongola ndalama n'kuwombola njinga, mawa lake n'kumathamanga kwambiri ndi kunyamula anthu atatu kuti abweze ngongoleyo. Ndiye wolipira chindapusa chija ndani? Ndi inu amene mwakwera kumbuyo. Za kulanda laisensi musanene n'komwe: mungamulande bwanji munthu chinthu chimene sanakhalepo nacho? Munthu amaopa chilango akadziwa kuti agwidwa ndithu, kukula kwa chindapusa sikumuopsa. Ndipo m'misewu yafumbi ya ku Nambuma, Malomo kapena Mpherere, wapolisi wa pamsewu mumamuona kangati?

Apa tsopano mundikhululukire. Njinga zambiri si za anyamata amene amaziyendetsa. Eni ake ndife. Tinagawana ndalama ku banki m'khonde, kapena bambo anagulitsa fodya, tikagula njinga n'kupatsa mwana wa achemwali kuti azibweretsa ndalama madzulo aliwonse. Ndalamayo timaiwerenga bwinobwino, ina n'kukaponya m'mbale Lamulungu. Koma tinafunsapo kuti mwanayu anaphunzira kuti kuyendetsa? Chilango chimagwera iye, ife tili phee kunyumba. Bola apolisi ndi a Road Traffic azitsata mwini njinga, chifukwa iyeyo ndiye ali ndi chotaya.

Ndikudziwa kuti kulembetsa njinga, kudula inshulansi ndi kupeza laisensi kumadya ndalama zambiri, kuphatikizapo ulendo wa ku Lilongwe. Boma liyenera kufupikitsa ntchitozi kuti zizichitikira pa Dowa ndi pa Ntchisi pomwe. Koma amene wakwanitsa kugula njinga asanene kuti inshulansi yamukulira. Ndipo podula, mufunse momveka ngati imalipiranso wokwera kumbuyo akavulala.

Pamsonkhano wa mwezi uno, amayi apampando afunse poyera kuti ndani mwa ife ali ndi njinga pamsewu, ndipo ili ndi mapepala otani. Gulu likamabwereketsa ndalama yogulira njinga, ya inshulansi, ya laisensi ndi ya zisoti ziwiri ikhale momwemo. Mumphakati mwanu dziwani anyamata awiri kapena atatu a mapepala okwanira, osamwa mowa, musunge nambala zawo za foni. Ndipo mayi wa pakati amene amakhala kutali, mwezi wake ukakwana mumuperekeze kuchidikiro masana, asadikire kukwera njinga usiku mvula ili kugwa.