Tara inafika ku Chitipa, nanga phindu likutsalira yani?

Tawuni ya Chitipa inabadwa chifukwa cha msewu. M'chaka cha 1881 azungu anayamba kulambula msewu wa Stevenson kuti ulumikize Karonga ndi nyanja ya Tanganyika, ndipo m'zaka za m'ma 1890 atsamunda anamanga linga m'mbali mwa msewuwo nalitcha Fort Hill. Dzina loti Chitipa linakhazikika dziko litalandira ufulu. Chodabwitsa n'chakuti dera lomwe linayambira pa msewu linadikira zaka zoposa 100 kuti lione tara. Msewu wa makilomita 101 wochokera ku Karonga unamangidwa ndi thandizo la dziko la China, Malawi itathetsa ubale ndi Taiwan, ndipo unatsegulidwa m'chaka cha 2013.

Palibe angatsutse kuti zinthu zinasintha. Ulendo womwe nthawi ya dzinja unkatha tsiku lathunthu pa lole tsopano ndi wa maola awiri. Masitolo, malo ogona alendo ndi zigayo zachuluka pa boma, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 235,000 m'boma lonse. Koma msewu suyenda mbali imodzi. Chimanga ndi nyemba zimatsika phiri zosakonzedwa, khofi wa ku Misuku amatchuka ndi dzina la Mzuzu, ndipo phindu lenileni limapangidwira kutali ndi mlimi amene anakhetsa thukuta.

Pa maphunziro ndi pomwe nkhaniyi ikutikhudza kwambiri. Anthu a ku Chitipa, kaya ndi Alambya, Asukwa, Andali kapena Anyiha, amadziwika ndi kulimbikira sukulu, ndipo sekondale monga Chitipa ndi Kaseye Girls zaphunzitsa ambiri amene lero ndi aphunzitsi, anamwino ndi akuluakulu a m'maofesi. Komatu ambiri mwa iwo akugwira ntchito ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Mwana akakhoza Fomu 4 nafuna uphunzitsi amatsikira ku Karonga; akafuna digiri amapita ku Livingstonia, kapena ku Mzuzu komwe ndi mtunda wa makilomita oposa 300 kuchokera kwawo. Ndalama za lendi, chakudya ndi sopo zomwe makolo amazipeza atagulitsa khofi kapena ng'ombe zimakathera m'magolosale a matawuni ena. Koleji ya zaluso ya Kasama ndi chiyambi chabwino, koma koleji imodzi singasunge achinyamata a boma lonse.

Otsala kumudzi ambiri amayang'ana kumalire. Kwa wamalonda wa pa boma, kukapikula katundu ku Tunduma kapena ku Nakonde n'kwapafupi kusiyana ndi ku Mzuzu. Izi zili ndi zowawa zake. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mpamba wa ogula ndi ndalama za ku Tanzania unafota tsiku limodzi, ndipo mkangano wa zamalonda pakati pa Malawi ndi Tanzania mu Epulo 2025 unaonetsa kuti chitseko chimenechi chikhoza kutsekedwa ndi anthu okhala ku Lilongwe ndi ku Dodoma.

Ife tikuona kuti aphungu ndi khonsolo ayenera kumenyera zinthu ziwiri patsogolo pa zina: sukulu ya ukachenjede yokhala ndi malo ogona pa boma penipeni, makamaka ya zaulimi kapena uphunzitsi, ndi tara yolowera ku Misuku, Wenya ndi Nthalire, komwe kumachokera zokolola zodzaza malole otsikira ku Karonga.