Chilumba cha Mbenji ndi nkhani ya luso latsopano

Chikhazikitsireni masomphenya a Malawi 2063 mu Januwale 2021, mawu oti luso latsopano sachoka pakamwa pa akuluakulu a boma. Funso limene ife a m'mbali mwa nyanja tiyenera kufunsa ndi lakuti: kodi lusolo limabadwira mu ofesi ku Lilongwe kapena padoko?

Mu 1982 akatswiri awiri a zachuma a ku America, Richard Nelson ndi Sidney Winter, adalemba buku lotchedwa An Evolutionary Theory of Economic Change. Liwu loti evolution lisakudzidzimutseni abale. Iwo sakukamba za kulengedwa kwa munthu ayi, koma za mmene njira zogwirira ntchito zimasinthira. Mfundo yawo ndi yakuti wamalonda amangochita zomwe adazolowera. Zikamuvuta amayesa china. Chikamupindulira, anzake amatengera. Chikakanika, chimafa chokha. Chuma chimakula ndi kuyesayesa kotereku, ndipo palibe nduna ingadziwiretu chimene chidzagwire.

Onani M-Pesa ya ku Kenya, yomwe idayamba mu 2007. Poyesa koyamba, cholinga chidali kubweza ngongole zing'onozing'ono, koma anthu adayamba kutumizirana ndalama, eni ake n'kungotsatira. Lero ife tili ndi Airtel Money ndi Mpamba.

Chitsanzo chathuchathu chili ku Salima. Pachilumba cha Mbenji, lamulo lotseka usodzi nyengo ya dzinja lidayamba ndi mafumu a kumeneko m'zaka za m'ma 1950, ndipo lero likuyang'aniridwa ndi mfumu yaikulu Makanjira. Mowa, chamba ndi juga ndi zoletsedwa pachilumbapo. Malamulowa adakula pang'onopang'ono, ndipo asodzi amawamvera chifukwa utaka umaoneka chilumba chikatsegulidwa. Ku nyanja ya Malombe zidayenda mosiyana. Chambo chitatha, boma ndi mabungwe othandiza adabweretsa makomiti a m'madoko mu 1993. Ganizo lidali labwino, koma lidabwera lopsapsa kuchokera kunja, ndipo chambo sichidabwerere mwakale.

Komabe ndisakunamizeni kuti chilichonse chobadwira padoko n'chabwino. Amene adayamba kusoka maneti a udzudzu kukhala khoka nayenso adatulukira luso, ndipo lidafala msanga chifukwa limapatsa ndalama lero lomwe. Msika umasankha chimene chikulipira, ngakhale chikukokolola ana a nsomba. Nyanja ndi chinthu cholukanalukana: neti yoperekedwa kuchipatala kuti iteteze mwana ku malungo ikukathera m'madzi, n'kuchepetsa ndiwo za mwana yemweyo.

Apa ndipo pali ntchito ya boma. Ine ndikuona kuti kuika ndalama zonse pa ntchito imodzi yaikulu, ngati minda ikuluikulu yomwe timamva pawailesi, ndi kubetcha. Ikalephera, zonse zapita. Kuli bwino kuthandiza zoyesa zambiri zing'onozing'ono, monga matenti oumitsira usipa ndi dzuwa, mafiriji oyendera sola ndi maiwe a nsomba, kenaka kuyang'ana moona mtima zomwe zagwira ndi kusiya zomwe zakanika. Kusiyako ndiye kumavuta, chifukwa palibe mkulu amafuna kuvomera kuti chimene adatsegulira ndi nthungululu chafa. Boma liyeneranso kuonetsetsa kuti wophwanya lamulo asapindule kuposa wolisunga, apo ayi msodzi wachilungamo ndiye amagona ndi njala.

Ndipo pali mbali ya makolo. Ophunzira ambiri a kusekondale amaona usodzi ngati ntchito ya olephera sukulu. Koma mwana amene waphunzira sayansi ndipo akudziwa chifukwa chake usipa umaola pathandala nthawi ya mvula ndi amene angakonze kaumitsidwe kake. Aphungu athu akabwera kudzakamba za chitukuko, tiwafunse kuti mwa ndalama za luso latsopano, ndi zingati zafika padoko la ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota, ndipo ndani akuwerengera zotsatira zake.