Khonsolo imodzi, anthu 1.6 miliyoni: mphamvu zili kuti ku Nsaru ndi Kabudula?

Msewu wa phula wochoka mumzinda wa Lilongwe kulowera ku Mchinji umadzera pa Mpingu ndi pa Namitete, koma moyo wa anthu ambiri a kumadzulo ndi kumpoto kwa bomali uli m'misewu ya fumbi. M'menemo ndi modutsa ngolo za fodya, soya ndi mtedza. Mvula ikakokolola kamlatho ka padambo, midzi imalekana ndi chipatala cha Kabudula kapena cha St Gabriel, ndipo funso limakhala lomwe lija: akonze ndani?

Malinga ndi malamulo, udindowu ndi wa khonsolo ya boma la Lilongwe. Komatu kalembera wa mu 2018 adapeza kuti bomali, kupatula mzinda, lili ndi anthu oposa 1.6 miliyoni, ndipo onsewa akuyang'ana khonsolo imodzi yomwe likulu lake lili m'tauni. Ku France kuli makhonsolo a m'midzi ndi m'matauni pafupifupi 35,000, ndipo pafupifupi theka lake muli anthu osakwana 500. Kamudzi kotero kamasankha makhansala ake, iwo nkusankha meya, ndipo kamakhala ndi bajeti yakeyake. Malawi sangakwanitse zotere, chuma chake palibe, koma kusiyanaku kukuonetsa kutalika kwa mtunda umene dandaulo la mlimi wa ku Nambuma limayenda: kwa nyakwawa, ku komiti ya chitukuko ya mudzi, ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, kenako kukaima pamzere kuboma.

Lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidalonjeza “mphamvu ku anthu”. Makhansala oyamba adasankhidwa mu 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005 dziko lidakhala zaka zisanu ndi zinayi lopanda makhansala, mpaka chisankho cha 2014. Mpata umenewu adaudzaza aphungu, makamaka thumba la chitukuko cha m'madera la CDF litakhazikitsidwa mu 2006. N'chifukwa chake mpaka lero mjigo ukawonongeka anthu amathamangira kwa phungu. Khansala amamukumbukira pamaliro.

Mu Meyi 2025 khoti lounika za malamulo aakulu a dziko, pamlandu womwe bungwe la makhonsolo la MALGA lidakamang'ala, lidagamula kuti aphungu asamayendetse nawo CDF komanso asamavote m'makhonsolo. Chigamulochi n'chomveka, chifukwa wopanga malamulo sangakhalenso wogawa simenti nkudzilondoloza yekha. Chokhacho, kuchotsa ndalama m'manja mwa phungu sikuzifikitsa pa Nsaru. Bwanamkubwa, yemwe ndi mkulu wa ogwira ntchito kukhonsolo, amasankhidwabe ndi boma lalikulu, ndipo ndalama za ziphaso za pamsika zimapita kulikulu asanadziwe ogulitsa kuti zingati zibwerera kudzamanga zimbudzi ndi mashedi.

Nkhaniyi yafika pofunika changu chifukwa cha Kasiya, kumpoto chakumadzulo kwa bomali, komwe kampani ya Sovereign Metals ya ku Australia yapeza miyala yochuluka ya rutile ndi graphite pansi pa minda ya anthu. Chilolezo cha mgodi chimachokera kuboma lalikulu, koma za chipukutamisozi, malo osamukira, manda ndi madzi a m'madambo zidzagwera mafumu, makhansala ndi makomiti a chitukuko, omwe mamembala ake ndi anthu ongodzipereka, opanda malipiro, ndipo ambiri alibe ofesi ngakhale loya wowawerengera mapangano.