Chapa kapena galimoto ya katundu: phunziro la chaka cha 2020

MAJAUA — Munthu amene akusunga ndalama za nandolo ndi cholinga chogula galimoto ya malonda ayenera kukumbukira chaka cha 2020, pamene mliri wa Covid-19 unasonyeza poyera kusiyana kwa galimoto yonyamula anthu ndi galimoto yonyamula katundu.

Wodwala woyamba m'dziko lino anapezeka ku Maputo pa 22 Malichi, ndipo kuyambira pa 1 Epulo Pulezidenti wa nthawi imeneyo, a Filipe Nyusi, anakhazikitsa malamulo apadera oletsa kusonkhana ndi kuyendayenda. Boma linalamula kuti magalimoto onyamula anthu azitenga gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a mipando yake. Motero chapa ya Toyota Hiace ya anthu 15 inayenera kunyamuka ndi anthu 5, pamene mafuta, matayala ndi malipiro a dalaivala zinali chimodzimodzi. Njinga zakabaza, zimene ndi miyendo ya anthu a ku Quelimane ndi ku Milange, nazonso zinaletsedwa.

Anthu atadandaula kwambiri, boma linafewetsa lamuloli patangopita masiku ochepa, n'kulola kuti mipando izidzaza malinga aliyense avale chophimba pakamwa ndi mphuno. Komabe okwera sanabwerere msanga, chifukwa sukulu ndi matchalitchi zinali zotseka ndipo zipata zambiri za m'malire zinatsekedwa. M'chigawo cha Zambezia chipata cha Melosa, choyang'anana ndi Muloza, ndicho chinasiyidwa chotsegula. Ku Malawi nako boma linachepetsa okwera minibasi, ngakhale kuti pa 17 Epulo khoti lalikulu linaimitsa lamulo lotsekera anthu m'nyumba kwa masiku 21.

Katundu sanaone vuto lotere. Malamulo aja anafika nthawi yokolola chimanga, ndipo thumba la chimanga siliwerengedwa ngati munthu. Nandolo nayenso anali ndi msika, pakuti pangano la 2016 linalola dziko lino kugulitsa ku India matani ofika 200,000 m'nyengo ya 2020 mpaka 2021. Mwini Canter kapena pikapu yotsegula kumbuyo anali ndi chonyamula, pamene mwini chapa ankadikira okwera pa siteji.

M'maiko a ku Ulaya ndi ku America zinayendanso chomwecho. Anthu atakhala m'nyumba anayamba kuitanitsa zinthu pa intaneti, ndipo magalimoto operekera katundu pakhomo anafunika kwambiri. M'chaka cha 2021 mafakitale anasowa tizipangizo tamagetsi toika m'magalimoto atsopano, choncho mitengo ya magalimoto akale inakwera, ngakhale ku Japan kumene ambiri a magalimoto a kuno amachokera.

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti mliriwu sulinso ngozi yadzidzidzi. Koma mfundo yake ikadalipo: phindu la chapa lingathe kudulidwa ndi lamulo limodzi lochokera ku Maputo, pamene galimoto ya katundu imadalira zokolola ndi mseu. Nayonso ili ndi vuto lake, chifukwa mvula ikagwa mseu wadothi wa ku Majaua umavuta ndipo zokolola zikatha ntchito imachepa. Wofuna kugula ayambe wawerengera miyezi imene galimotoyo idzakhale itaima, makamaka ngati ndalama zake ndi zangongole.