NYANJA SIMVERA ZITSEKO ZA PA LIWONDE

M'caka ca 2024 madzi a Nyanja ya Malawi anakwera nalowa m'nyumba ndi m'mahotela a m'gombe ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota. Eni ace anapfuulira Boma kuti litsegule zitseko zonse za pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, madzi apite. Anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, amene madziwo akadawapeza m'minda mwao, anali nao mau ena. Mlandu unakula ndithu, koma anali owerengeka amene anafunsa zimene oyesa madzi akhala alikulemba m'mabuku ao kuyambira caka ca 1896.

Mabukuwo anena kuti madzi a 2024 sanafike pamene anafika m'caka ca 1980, pomwe nyanja inaima pa mamita 477 pamwamba pa nyanja yamcere. Ndiye kuti malo onse amene anamira mu 2024 nyanja inali itagonapo kale, ndipo akulu ambiri a m'midzimo anaona ndi maso ao. Amene anagula malo otere namangapo ndi njerwa ndi simenti anamanga m'bwalo la mwini.

Mabuku omwewo anenanso za kuphwa. M'caka ca 1915 nyanja inatsika, pafupifupi mamita 7 kunsi kwa muyeso wa 1980, ndipo mtsinje wa Shire unaleka kuturutsa madzi m'nyanja. Mcenga ndi bango zinatseka njira, anthu nalima minda m'thamanda la Malombe. Zinakhala cotero kufikira caka ca 1935. Zaka makumi awiri! Masiku amenewo panalibe makina a magetsi pa Shire. Nkula inayamba nchito mu 1966, Tedzani ndi Kapichira zinadza pambuyo, ndipo m'zaka za 2016 ndi 2017, nyanja itangotsika pang'ono, mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe inagona mumdima, zigayo zinaima, amisiri ooceza zitsulo nakhala manja lende.

Tsono zitseko za pa Liwonde zingathe ciani? Akatswiri oyesa madzi anapeza kuti mwa magawo khumi a madzi ocoka m'nyanjayi, oposa asanu ndi atatu akwera kumwamba monga nthunzi, ndipo otsalawo ndiwo atsika ndi Shire. Dzuwa ndi mphepo ya mwera zilibe citseko. Wogwira makiyi pa Liwonde angathe kusunga madzi pang'ono a cilimwe, angathenso kucepetsa cigumula ca kunsi, koma kulamula nyanja sangathe. Boma la Atsamunda linaphunzira zimenezi: mu 1956 linaunda cimulu ca dothi kuchinga Shire pa Liwonde pomwepo, ndipo caka cotsatira madzi anadutsa. Zitseko zimene zinamangidwa mu 1965, nizikonzedwanso ndi ndalama za World Bank, nzolimba koposa, koma mvula yogwa m'mapiri a ku Tanzania, yotsika ndi mtsinje wa Ruhuhu, sizidziwa.

Palinso umboni wina wozama koposa mabuku. Mu 2005 akatswiri a ku America, mwa iwo Christopher Scholz ndi Thomas Johnson, anaika makina oboola pa combo ca Viphya, naboola matope a pansi pa nyanja mamita 380. Matopewo ali ngati kaundula, pakuti caka ndi caka nyanja isiyamo cizindikiro cace. Anapeza kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa, madzi natsika mamita mazana angapo, ndipo nyanja yozama mamita 700 inasanduka thamanda. Palibe wanzeru amene anganene kuti zotere zibwera mawa. Koma ziphunzitsa kuti gombe limene munthu aliona lero ndi gombe la nyengo yace yokha.

Cobvuta ncakuti nzeru zotere zikhala m'mabuku a Cingerezi ku masukulu akulu a kutali, pamene mfumu yogawa malo m'gombe siinazimvepo. Nchito yoyesa madzi nayonso ndi yonyozeka pa maso pa anthu. Munthu wowerenga ndodo ya muyeso ku Chilumba, ku Nkhata Bay kapena ku Monkey Bay m'mawa uli wonse sachuka, koma popanda manambala ace wa pa Liwonde angotsegula ndi kutseka mongoganizira. Ayenera kulandira malipiro ace pa nthawi yace, ndipo ndodo zothyoka pa mitsinje yothira m'nyanja ziyenera kuimikidwanso. Maiko atatu a m'mbali mwa nyanjayi, Malawi, Tanzania ndi Mozambique, angathe kutsutsana za malire monga acitira, koma manambala a mvula ndi a mitsinje ayenera kupatsana, cifukwa madzi a Ruhuhu ndi omwewo ayatsa nyali ku Ndirande.

Cimene Boma lingacite msanga, ndiponso mosaononga ndalama zambiri, ndico kuimika zipilala za simenti m'gombe monse mokhala anthu, pa mzere umene madzi anafika mu 1980, ndi kulembapo cakaco. Mafumu ndi akulu a maboma ang'ono asalole nyumba ya njerwa kunsi kwa cipilala.